Mpweya wa Bambo Anga Unakana Kunama

1

Mukanafunsa aliyense pa Ngabu kuti ndani sangakhudze mowa ngakhale atamuloza ndi mfuti, akanakulozerani nyumba ya bambo anga. Nkhani ya nyumba imeneyo ndi imene ndikufuna ndikuuzeni, ngakhale ikundiwawa ngati chilonda chothira mchere.

Dzina langa ndine Otilia, mwana yekhayo wa bambo Saulos Alufandika. Bambo ankagula mbuzi m'midzi ya kuno ndi nsomba ku Bangula, n'kumakagulitsa kumtunda pa pikapu yawo yoyera. Kutchalitchi anali mkulu wa mpingo. Thobwa likagona masiku awiri ankakalitaya okha kudzala, amvekere, "Ili layamba kuyankhula." Ankati bambo awo anafera m'ngalande ku Mutarara botolo lili m'manja, ndipo iwo analumbira pamaliro pomwepo kuti pakhosi pawo sipadzadutsa dontho.

Mwamuna wanga Golden ankawathandiza pa bizinesiyo, ndipo bambo sankamuitana kuti mkamwini koma mwananga. Tinakhala pabanja zaka zisanu ndi ziwiri popanda mwana. Zimene ndinamva kwa alamu anga pa zaka zimenezo, amayi anzanga mukuzidziwa. Kenaka Mulungu anandikumbukira. Pamene izi zinkachitika ndinali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo bambo anali atasankha kale mbuzi yodzapha tsiku lotuluka m'chikuta.

Linali Lachinayi la mu Okutobala, dzuwa lija la kuchigwa loti nkhuku zimangoti kukamwa yasa pansi pa nkhokwe. Ndinali pakhonde ndikusoka tizovala ta mwana pamene foni inalira. Anali amayi, atangoweruka kumene kumsonkhano wa amayi kutchalitchi.

"Otilia, thamangira kupolisi. Bambo ako agunda anthu ndi galimoto."

"Iwowo avulala?"

"Ali bwino. Koma mwanawe..." Amayi anatsitsa mawu. "Akuti aledzera."

Ndinaseka. Ndithudi ndinaseka, chifukwa zinali ngati andiuza kuti Shire akulowera kumtunda.

2

Pabwalo la polisi ndinapeza pikapu itaima, nyali yakumanzere itasweka. Kumbuyo kunali njinga ziwiri, ina itapindika ngati waya. Sindinaimepo, ndinangolowa m'kati.

Bambo anali pabenchi, malaya ali magazi okhaokha. Ndisanafike n'komwe pafupi, fungo la kachasu linandiwomba kumaso.

"Baba, n'chiyani chimenechi?"

Sanandiyang'ane. "Ndachimwa, mwananga. Ndinamwa m'mawa. Ndagunda wakabaza ndi mayi amene ananyamula. Ndawasiya kuchipatala, ndabwera kudzadzipereka."

Patebulo panali wapolisi wamkazi wa zapamsewu, wamtali, wamaso akuthwa, dzina lake Sajeni Priska. M'manja mwake munali kamakina kangati foni yaikulu, kokhala ndi kapaipi kouziramo.

"Tawayeza kale, mayi," anatero. "Kamakinaka kamamva mowa mumpweya wa munthu n'kutiuza kuchuluka kwake m'magazi. Kaonetsa 90. Adutsa malire a lamulo."

"Kamakina kanuko n'kabodza!" ndinakuwa. "Bambo anga sanalawepo mowa chibadwire. Wina wawathira pamalaya. Ayezeninso!"

"Basi, Otilia, zisiye," anatero bambo.

Sindinazisiye. Ndinakhala pansi pasimenti ndi mimba yangayo, n'kunena kuti sindichoka mpaka awayezenso ine ndikuona. Abusa anafika, akulu ampingo anafika, nawonso n'kumapempha zomwezo. Patatha ngati ola, Sajeni Priska anatopa nafe. Anang'amba kapepala n'kutulutsa kapaipi katsopano.

"Uzirani, bambo. Musasiye mpaka kalire."

Kanalira. Anatembenuza kamakinako kuti tonse tione. Panali 140.

Abusa anavula magalasi n'kutuluka osatsanzika. Bambo nthawi imeneyo lilime linali litalemera, ndipo atati aimirire anasanza pakhomo pa ofesi, anthu onse akuona. Koma chimene ndinaona ine ndi nkhope ya Sajeni. Anayang'ana nambalayo nthawi yaitali, n'kuyang'ana wotchi yapakhoma, n'kuyang'ananso bambo.

Golden anatulukira dzuwa litalowa, ali fumbi lokhalokha. Anati tsiku lonse anali ku Bangula kudikira nsomba, ndipo wabwera pa minibasi atamva uthenga. Anaima patali ndi ine, atagwira mutu. Anagona panja tsiku limenelo, amvekere m'nyumba mukutentha.

3

Wakabaza uja dzina lake anali Damiano. Anamwalira kuchipatala Loweruka, n'kusiya mkazi ndi ana anayi. Mayi amene ananyamula, a Esinala ogulitsa nsomba, anapulumuka ndi mkono wothyoka. Iwo anauza apolisi kuti nkhope ya woyendetsa sanaione chifukwa m'maso munali magazi ndi mchenga. Chimene anakumbukira n'chakuti atagwa, munthu wina anawaweramira, mpweya wake ukununkha kachasu, kenaka iwo anakomoka.

Bambo anawatumiza kundende kukadikira mlandu. Mpingo unawachotsa paudindo Lamulungu lomwelo, ndipo dzina lawo linawerengedwa kuguwa ife titakhala pomwepo.

Amene anandimvetsa chisoni kwambiri ndi amayi. Anasanthula nyumba yonse kufunafuna mabotolo. Anafufuza m'nkhokwe, m'khola la mbuzi, ngakhale pansi pa matiresi.

"Zaka makumi anayi, Otilia," ankatero. "Zaka makumi anayi ndagona mphasa imodzi ndi munthu wondibisira botolo? Ndiye china chimene wandibisira n'chiyani?"

Ndinawapempha kuti tikawaone bambo limodzi, koma anakana. "Apite amene ankamwa nawo."

Tsiku lina mkazi wa Damiano anabwera kwa amayi, khanda lili kumsana. Tinkaganiza kuti atukwana. Sanatukwane. Anangokhala pansi pafupi ndi mpanda, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ndimafuna ndingoona nyumba ya munthu amene ankatilalikira za kuipa kwa mowa." Atatero ananyamuka n'kumapita. Amayi analowa kuchipinda, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Golden anasanduka mwamuna wabwino kuposa kale lonse. Ankanditungira madzi, ankandigulira maungu ndi mazira, ankapita kukasesa kwa amayi. Koma ndikanena zokaona bambo, nthawi zonse ankapeza chifukwa.

"Sindingapirire kuwaona m'menemo," ankatero.

Ine ndinkati ndi chikondi.

4

Patapita milungu iwiri ndinapita kusikelo. Potuluka ndinapeza Sajeni Priska ataima pansi pa mtengo wa nimu, atavala chitenje ngati mayi wamba.

"Mayi Otilia, tikhale pansi pang'ono. Nambala zija zikundisowetsa tulo."

Tinakhala pamizu ya mtengowo. Iye anatola kamtengo n'kujambula pamchenga mzere wokwera msanga, kenaka wotsika pang'onopang'ono.

"Mowa m'thupi uli ngati madzi osefukira m'dambo," anatero. "Amakwera mwachangu, koma kuphwa kwake n'kwa pang'onopang'ono. Munthu akamwa, mowa umakwera m'magazi kwa ola limodzi kapena kupitirira pang'ono. Ukafika pamwamba umayamba kutsika, chifukwa chiwindi chimakhala chikuuchotsa. Pa nambala za kamakina kaja, anthu ambiri amatsika ndi 15 kapena 20 pa ola. Ena amachedwerapo, ena amafulumira, koma onse amatsika. Ngakhale munthu amwe khofi kapena asambe madzi ozizira, chiwindi sichithamangitsidwa."

"Ndiye zikukhudza bwanji bambo anga?"

"Woimira boma pamlandu wandiuza kuti ndiwerengere chobwerera m'mbuyo, tidziwe kuti panthawi ya ngozi mowa unali wochuluka bwanji. Timatero nthawi zonse. Timatenga nambala imene tapeza, n'kuwonjezera zimene thupi lachotsa pa maola amene adutsa. Ngoziyi inachitika dzuwa lili paliwombo. Tinawayeza koyamba itadutsa 2 koloko, kachiwiri itadutsa 3. Ngati anamwa m'mawa monga akunenera, nambala yachiwiri inayenera kukhala yochepa. Koma inachoka pa 90 n'kufika pa 140."

"Kutanthauza chiyani?"

"Kutanthauza kuti madzi anali akukwerabe. Bambo anu anamwa atatsala pang'ono kulowa mu ofesi mwathu. Ngozi inali itachitika kalekale."

Ndinamugwira dzanja. "Ndiye kuti poyendetsa anali bwinobwino! Mwina anamwa chifukwa cha mantha. Akauzeni akhoti!"

Sajeni sanamwetulire. "A Esinala akuti munthu amene anawaweramira pamalo a ngozi ankanunkha kale kachasu. Ndipo kumbuyo kwa pikapu kunali njinga ziwiri. Yopindika ija ndi ya malemu. Inayo yakuda, yokhala ndi chishalo chokulunga ndi mphira, mukuidziwa?"

Ndinaidziwa. Inali njinga ya bambo.

"Munthu woyenda pa galimoto amanyamuliranji njinga yake?" anafunsa. "Ine ndikuganiza kuti anafika pamalopo pa njinga."

"Ndiye ankayendetsa ndani?"

"Ameneyo sindingamuyezenso. Mowa wake unatha m'thupi kusanache. Bambo anu akuumirira kuti ndi iwo, ndipo munthu akavomera yekha mlandu, nambala ziwiri sizikwanira kumutulutsa. Pakufunika pakamwa pa munthu." Anafufuta mzere uja ndi phazi. "Inu mukanapanda kukuwa tsiku lija, tikanawayeza kamodzi kokha, ndipo nkhani ikanathera pompo."

5

M'mawa mwake ndinakwera minibasi kupita kundende ndekha. Bambo anatuluka ataonda, ndevu zitamera zoyera mbee. Anakhala mbali ina ya waya, ine mbali ina.

"Mwana akusewera m'mimbamo?" anafunsa.

"Baba, njinga yanu inkatani m'pikapu?"

Anayang'ana pansi.

"Mowa munamwera kuti? Kwa ndani? Unali wa mtundu wanji? Tandiuzani dzina la munthu mmodzi amene anakuonani mukumwa m'mawa umenewo."

"Wakutuma ndani?"

"Mpweya wanu womwe. Akuti munamwa ngozi itachitika kale."

Anayang'ana msilikali wa ndende amene anaima chapatali, kenaka anasendeza nkhope pafupi ndi waya. Bambo akafika pa nkhani yolemera amayamba ndi Chisena cha makolo awo.

"Leka kulonga, mwananga. Usayankhule kwa munthu aliyense zimene ndikuuze."

Ndipo anandiuza. M'mawa wa tsiku limenelo Golden ndi amene anatenga pikapu kukatenga mbuzi kumudzi wina wa chakumadzulo. Masana anawaimbira foni akulira, ali m'tchire, atasiya anthu awiri ali gone pamsewu wafumbi. Bambo anapalasa njinga mpaka pamalopo. Panalibe munthu, dzuwa linali litathamangitsira aliyense m'nyumba. Anamuuza Golden kuti achoke, akabisale mpaka fungo lithe. Iwo ananyamula ovulalawo okha n'kupita nawo kuchipatala.

"Ndinkati ndingonena kuti ndinali ine, basi," anatero. "Koma kuchipatala mayi uja atatsitsimuka ndinamumva akuuza namwino kuti woyendetsa ankanunkha kachasu. Ndinadziwa kuti apolisi akandinunkhiza n'kupeza kuti ndilibe fungo, afunafuna wina. Ndinapita kugalimoto. Pansi pa mpando panali botolo lake, litatsala theka."

"Baba..."

"Ndinatseka maso. Zinali ngati ndikumeza makala amoto."

Ndinalira mokweza mpaka msilikali uja anatembenuka.

"Chifukwa chiyani, baba? Dzina lanu, mpingo wanu, amayi akufa ndi chisoni kunyumba!"

"Zaka zisanu ndi ziwiri ndinkakuona ukulira chifukwa cha mwana. Lero mwana akubwera, abadwe bambo ake ali m'ndende? Ine ndadya kale zaka zanga. Golden analumbira pamaso panga kuti sadzamwanso. Ngati umandilemekeza, pita kunyumba ukabereke mwakachetechete. Ukayankhula, ndiye kuti ndinamwa chiphe chija pachabe."

6

Ndinamupeza Golden pakhonde akukonza mpando wothyoka. Sindinamupatse moni.

"Ndachokera kwa bambo. Andiuza zonse."

Hamala inagwa pansi. Poyamba anakana, amvekere nkhalamba yasokonezeka ndi ndende. Nditatchula botolo la pansi pa mpando, anagwada n'kundigwira miyendo. Anati anangolawa pang'ono ndi eni mbuzi, anati wakabazayo anatulukira mwadzidzidzi, anati chichitikire ngoziyo sagona.

"Ndiye tiye kupolisi," ndinatero.

Anandisiya miyendo. Anaimirira n'kudzisasa fumbi m'mawondo.

"Ine ndinawatuma? Anasankha okha. Ndi akulu, akudziwa chimene akuchita. Iwe ukufuna mwanayu akule ngati wamasiye?"

Owerenga, musandiyese wolimba mtima. Ndinakhala chete. Ndinamuphikira, ndinamuchapira, ndinapita kwa amayi n'kumawamvera akutemberera bambo, ine mawu ali pakhosi ngati munga wa nsomba. Sajeni Priska anandiimbira kawiri, sindinayankhe. Ndinkadziuza kuti ndikumvera bambo anga, komanso kuti Golden walumbira.

Kenaka apolisi anabweza pikapu. Linali tsiku langa lina la sikelo. Ndikukonzeka, ndinamva hutala panja ndi ana a aneba akukuwa pothawa mumsewu. Galimoto inaima mwamphamvu, fumbi koboo, itatsala pang'ono kugunda mpanda. Golden anatsika akumwetulira, akutafuna chingamu.

"Lero sukwera kabaza, mayi a mwana. Ndikuperekeza ngati bwana."

Ananditsegulira chitseko. Nditawerama kuti ndilowe, nkhope yake inali pafupi ndi yanga. Pansi pa fungo la chingamu panali fungo lija la pabenchi ya kupolisi. Mwana anandimenya m'mimba.

"Dikira," ndinatero. "Ndaiwala chiphaso cha sikelo."

Ndinalowa m'nyumba, n'kutulukira khomo lakumbuyo, n'kukaima kuseri kwa bafa. Ndinaimbira Sajeni Priska.

"Sajeni, ndine Otilia. Bwerani kunyumba kwanga ndi kamakina kanu kaja. Fulumirani, muupeze mowa wa Golden usanatsike."

Ndinabwerera n'kumuuza Golden kuti msana wandigwira, ndikhale kaye pansi. Anakhala pachiwongolero injini ikulira, akuimba mluzu, mpaka njinga yamoto ya apolisi inakhota pakona.

7

Kamakina kanaonetsa 120. Tsiku lomwelo ndinanena zonse zimene ndinkadziwa. Apolisi atamuonetsa Golden kuti foni yake inaimbira bambo masana a tsiku la ngozi, ndipo eni mbuzi aja atavomera kuti anamwa naye, iye anaulula. Kukhoti ndinaima m'bokosi mimba ili kutsogolo, abale a Golden akundiyang'ana ngati mfiti. Anamulamula kukakhala kundende zaka zingapo. Potuluka, mlongo wake anandikuwira kuti, "Mkazi wodya mwamuna wake!"

Bambo anawamasula, koma khoti linawadzudzula koopsa chifukwa chonamiza apolisi. Udindo wa kumpingo sanawabwezere. Amayi atamva zoona anagwada pabwalo n'kulira ngati pamaliro, akupepesa kwa mwamuna wawo. Bambo anawadzutsa. Koma ine anangondidutsa ngati chitsa.

Anasiya kundiyankhula. Ndikawapatsa moni ankayang'ana kumbali. Akafuna kundiuza kanthu ankadzera mwa amayi, ine ndili pomwepo. Pikapu anaigulitsa, ndipo mbuzi zawo zambiri anakazisiya kwa mkazi wa Damiano. Mayiyo anazilandira, koma sanathokoze, ndipo bambo anati n'zoyenera.

Ndinabereka mu Januwale, mwana wamwamuna. Ndinamutcha Kondwelani. Kuchipatala bambo sanabwere. Mwezi unatha, wachiwiri unatha.

Tsiku lina ndinapita kwa amayi, mwana akulira mosatonthozeka chifukwa cha m'mimba. Amayi anamuyesa, ine ndinamuyesa, osatheka. Bambo anali pampando wawo pansi pa mtengo wa mango, akuluka chingwe cha mbuzi. Anaika chingwecho pansi, n'kubwera, n'kumutenga mwanayo m'manja mwanga osandiyang'ana. Anamugoneka paphewa n'kumayenda naye pabwalo uku ndi uku mpaka anatonthola. Kenaka ndinawamva akumuuza mwanayo kuti:

"Amayi akowa ndi ouma mutu, iwe. Samva za munthu. Anatengera ine."

Mawu okhawo ndi amene ndalandira mpaka lero. Ndawasunga.

Owerenga anzanga, ndilibe nzeru zambiri zoti ndikugawireni, chifukwa inenso sindinatuluke woyera m'nkhaniyi. Akulu amati choipa chitsata mwini, koma kwathu tinayesa kuchipatutsa kuti chitsate wina, ndipo chinatilumira tonse. Bambo anga anachita zimene anachita chifukwa chondikonda, ndipo palibe munthu amene adzandikonde choncho. Komabe chikondi chimenecho chikanabwezera munthu woledzera pachiwongolero, mumsewu momwe mumasewera ana. Ngati m'nyumba mwanu muli wina amene mumamubisira botolo, kumunamira kuntchito ndi kumutsukira manyazi, dziwani kuti simukumupulumutsa. Mukungosankha kuti wodzalira akhale mkazi wa munthu wina.

Golden sindinamusiye ukwati, koma sindikudziwa ngati akadzatuluka ndidzamutsegulira chitseko. Kalata zake sindilandira, nanenso sindilemba. Chimene chimandisowetsa tulo ndi china. Kondwelani akukula, ndipo pa Ngabu sipasowa munthu woti adzamunong'oneze. Tsiku lina adzabwera kuchokera kusukulu n'kundifunsa kuti anamangitsa bambo ake ndani. Ndidzamuuza kuti ndine. Ndikungopempha Mulungu kuti mwanayo adzakhale pansi mpaka ndimalize kufotokoza.